Nambala Yachiwiri m'Kope la Adadi

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji?

Ndafunsa mwaulemu monga munandiphunzitsira, koma musayembekeze kuti ulemuwu ufika mpaka kumapeto kwa kalatayi. Ndabwera ndi dandaulo, ndipo dandaulolo ndi la amuna anu. Munachoka osasiya malangizo a kasamalidwe kawo. Ngakhale ketulo ya magetsi imabwera ndi kapepala kofotokoza, Amayi. Inu munangondisiyira munthu wathunthu wa zaka 71, mankhwala ake a BP ndi majekete atatu, n'kunyamuka.

Ndiyambe ndi zabwino kuti mtima ukhale m'malo. Mpongozi wanu, mkazi wa Yamikani, anachira mu Malichi. Ndi mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Ndamuona pa foni pokha, koma tsinya lake ndi lanu ndithu, lija munkachita kwaya ikasemphana mawu. Mtedza ku Mitundu wachita bwino, moti Yamikani wayamba kuyankhula ngati anaulima yekha, pomwe tonse tikudziwa kuti mwana wanuyo khasu amalidziwa ndi maso okha. Chimanga ndi chapakatikati. Makina anu osokera, aja azakhali anatenga tsiku la maliro kuti akawasunge, akuwasungabe. Akuwasunga mwakhama kwambiri moti asokera mayunifolomu theka la mudzi.

Chiliza chanu chamangidwa. Alongo anu, amalume a Gibisoni, asankha Loweruka lomaliza la Ogasiti kuti tikachione tonse, ndipo anena kuti tsiku lomwelo akasudzule Adadi: akawaimike pamaso pa abale anu n'kuwauza kuti ntchito yawo kubanja kwanu yatha, ndi mfulu, akafuna kukwatira akwatire. Chaka chadutsa, nthawi yakedi yakwana, palibe angawanene amalume. Vuto linali limodzi lokha. Kwa miyezi iwiri mwini wake wosudzulidwayo ankakana kukwera ndege. Chifukwa chake? Khalani pansi, Amayi, ngati kumeneko kuli mipando. Besibolo.

Ndikudziwa mukufunsa kuti besibolo ndi matenda anji. Ndi raundasi, Amayi. Raundasi yomwe ija tinkasewera ku pulayimale ndi mpira wa mapepala, kungoti iyi amasewera azibambo andevu a ku America, ku Japan ndi ku Venezuela, atavala ngati akukagona. Wina aponya mpira, wina aumenya ndi chibonga chonga mpini, n'kuthamanga kuzungulira makona mpaka kubwerera pomwe anayambira, ndipo khamu la anthu liimirira kumuombera m'manja chifukwa wafika pomwe anali kale. Koma chimene chinakola amuna anu si kuthamangako ayi. Ndi kulemba. Anthu amenewa akhala akulemba chilichonse kwa zaka zoposa zana: ndani anamenya kangati, ndani anaphonya kangati, ndani anaphonya ndi dzanja lamanzere. Munthu anafa kalekale, adzukulu ake anamuiwala, koma buku likukumbukabe kuti anagwetsa mpira Lachiwiri lina masana.

Amuna anu mukuwadziwa. Zaka makumi atatu akuyeza mvula kuofesi ya zanyengo, m'mawa uliwonse 8 koloko, botolo m'manja, pensulo kukhutu. Mawu anu aja ndimawamvabe: "Bambo a Tadala, mvula mwailemba bwino, koma ikudonthera pabedi." Ndiye munthu wotereyu ndinamutenga mu Novembala kubwera naye ku Dubai, kuchipululu, poganiza kuti kusintha malo kumuthandiza. Digiri yanga ya uinjiniya sinandichenjeze. Anafika ndi fanelo yawo ndi botolo lawo zoyezera mvula, anaziika pakhonde pano pa Al Furjan, n'kuyamba kulemba 0.0. M'mawa mwake 0.0. Milungu itatu ya 0.0, Amayi, m'zilembo zawo zokongola zija. Chakudya ankangolawa. Kuyankhula ayi. Ndikabwera kuchokera kuofesi ku JLT ndinkawapeza pampando womwe ndinawasiya, akuyang'ana kumwamba kopanda mtambo. Pamenepo sindinkaseka.

Kenako Mulungu, amene nthawi zina amayankha mapemphero mwanthabwala, anatumiza a Rigo. A Rigo ndi mkulu wa ku Venezuela wa m'nyumba ya pansi pathu, wamimba, wadazi, amene akukhala ndi mwana wawo wamkazi wogwira ntchito m'ndege. Chingerezi chawo chonse chikhoza kukwana m'kapu ya tiyi n'kutsala malo a shuga. Anakumana ndi Adadi mu lifiti. Anamvana bwanji sindikudziwa, koma Loweruka lina la mu Disembala ndinasuzumira pawindo m'mawa n'kuona amuna anu, mkulu wa mpingo, munthu amene sanagwirepo mpira ngakhale wa chikulunga, atavala gulovu yaikulu ngati lichero, akuponyerana kampira koyera ndi mkuluyo pakapinga. Tsiku limenelo anadya mbale ziwiri n'kufunsa ngati ndiwo zatsala.

Ndinathokoza. Ndikuvomereza, ndinagwada n'kuthokoza. Sindinadziwe kuti a Rigo awabwerekanso buku lonenepa ngati Baibulo la paguwa, lodzaza manambala okhaokha.

Kuyambira pamenepo sindinamwepo tiyi mwamtendere. Ndikungoti ndipake buledi, ndimva kutsokomola kwa mkulu wa mpingo kuja, ndiye kuti phunziro layamba. Akuti kunali munthu wina amene anagendedwa ndi mpira ka 287 pa moyo wake, ndipo mpaka lero palibe anamuposa. Ndinawauza kuti ku Mitundu munthu wotere timapita naye kumapemphero, sitimulemba m'buku. Akuti kunali wina amene anaba ka 1,406. Kuba kwake ndi kuthamangira ku kona yotsatira woponya mpira asakuyembekeza, ndipo amakutchuladi kuba, poyera, pa wailesi. Adadi anandiuza zimenezi maso akuwala, munthu yemwe uja anandiyendetsa makilomita atatu kukabweza lezala imene ndinatola pasitolo. Akuti kuli timu ina imene inatenga chikho mu 1908 n'kudzachitenganso mu 2016. Zaka 108, Amayi. Anthu anabadwa, anakwatira, anakalamba, anafa akudikira. Imeneyo yokha ndiyo ndinaimvetsa, chifukwa ndi mmene ifenso tikudikirira makina osokera aja.

Choipa kwambiri n'chakuti manambalawa anawasandutsa chikwapu. Ndikadandaula kuti sindingatsegule chitseko ndili ndi majumbo m'manja, amandikumbutsa za mnyamata wobadwa ndi dzanja limodzi amene mu 1993 anaponya mpira masewero onse osalola mdani ngakhale mmodzi kumenya wopita nawo patali. Ndikati apume, ndi akulu, amanditchulira nkhalamba ina imene inaponya mpira mu ligi yaikulu ili ndi zaka 59. Tsiku lina anandiuza mosilira kuti katswiri weniweni wa chibonga amalephera kasanu n'kawiri pa khumi, koma amamutchabe katswiri. Ndinawafunsa kuti nzeru imeneyi inali kuti nthawi ija ndinabwera ndi 68 ya masamu mu Fomu 2 iwo n'kukhala mlungu wathunthu akundiyang'ana ngati ndawotcha nkhokwe. Anati nthawi imeneyo anali asanaphunzire.

Lamlungu atsikana a kutchalitchi, aja ogwira ntchito m'nyumba za anthu amene amapuma tsiku limodzi lokha pamlungu, ankakonda kudzadya kuno. Adadi anawaona ngati kalasi imene yadzibweretsa yokha. Ana a eni ake ankakhala ndi mbale pamiyendo, mwaulemu, akumvetsera mbiri ya chaka cha 1941, pamene munthu wina anamenya mpira bwino masewero 56 otsatizana. Mnzanga wina wa ku Zambia, namwino, ananditsatira kukhitchini n'kundinong'oneza: "Ba Tadala, batate banu bamwa mankhwala lelo?" Masiku ano onse akuti ali ndi nsalu zokatenga kwa matelala ku Satwa. Lamlungu lililonse. Nsalu zimenezo sindinazionepo.

Koma rekodi imene inawagwira pakhosi ndi ya mkulu wina amene anasewera masewero 2,632 otsatizana, kuyambira 1982 mpaka 1998, osajomba ngakhale amodzi. Chimfine ayi, msana ayi. Ine ndinangofunsa ngati kwawoko kunalibe maliro, chifukwa Mmalawi sangakwanitse miyezi iwiri. Adadi sanaseke. Anakagula kope la chikuto cholimba, analemba mizere ndi rula, n'kukhazikitsa malamulo: m'mawa uliwonse iwo ndi a Rigo aponyerane mpira ka 50, amenewo ndiye masewero amodzi, ndipo akajomba tsiku limodzi ayambirenso pa 1. Kutentha kutafika mu Juni, kuja munthu ukatuluka panja umamva ngati watsegula uvuni ndi nkhope, ndinati basi, khalas, zatha zokha. Ayi. Anasamukira pansi poimika magalimoto. Nkhalamba ziwiri, imodzi ya jekete, pakati pa magalimoto odula a anthu, dzuwa likungotuluka kumene.

Mu Juni momwemo ndiye amalume anaimba kudzanena za tsiku la chiliza. Ndinawapatsa foni Adadi. Anamvetsera bwinobwino, anafunsa za ana, anafunsa za mbuzi, kenako anati: "Alamu, pepani, sinditha kubwera. Ndili pa 187, sindingadule." Anandibwezera foni n'kukasamba.

M'mawa mwake amalume anandiimbira ndili kuofesi, pamaso pa anthu, kundifunsa ngati bambo anga alowa mpingo wachilendo. Nditafotokoza, anati iwo zaka zonsezi ankadziwa kuti kuyeza mvula kudzathera pamenepa. Anandikumbutsa kuti chiliza sichionetsedwa mwamuna wa malemu kulibe, kuti abale achokera ku Kasungu ndi ku Dedza anauzidwa kale, ndipo kuti Adadi akapanda kubwera, anthu adzati akunyoza banja lathu, kapena ine ndikuwabisa. Pomaliza anatsitsa mawu n'kunena kuti kuli mayi wina wamasiye wa kumpingo, mwini chigayo, amene wakhala akufunsafunsa za moyo wa Adadi. Amayi, alongo anu. Simenti ya chiliza isanaume. Ndinangoti ndamva, amalume, chifukwa munandilera bwino, koma foni ndinaiika patebulo mwa njira imene munthu woleredwa bwino saikira.

Ndinayamba ndi masamu. Ndinawaonetsa Adadi kuti kuti afike pa 2,632 akufunika zaka zina zoposa zisanu ndi chimodzi, adzakhala akuyandikira zaka 78, chiliza chitamera ndere. Anati masamu anga ndi olondola, anandiyamikira. Ndinati chabwino, tikafika ku Mitundu ineyo ndizikagwira mpirawo. Anati mkulu wa rekodiyo anasewerera timu imodzi moyo wake wonse, ndipo timu yawo ndi a Rigo. Ndinakweza mawu. Ndinakweza kwambiri, ndinene zoona, mpaka ndinanena kuti akusinthanitsa manda a mkazi wawo ndi kampira ka azungu. Ananditembenukira, anandiyang'ana, n'kulowa kuchipinda. Ndipo inu munali pomwepo m'khutu mwanga: "Tadala, digiri si chilolezo chokalipira bambo ako." Ndinamva, Amayi. Mochedwa, monga mwa masiku onse, koma ndinamva.

Ndiye ndinaganiza zokawagonjetsera pabwalo lawo lomwe. Ine, munthu amene amandilipira kuti ndiwerengere kulemera kwa nyumba za nsanjika makumi anayi, ndinayamba kuwerenga mbiri ya besibolo pa foni mu sitima ya metro, m'mawa ndi madzulo, ngati ndikukonzekera mayeso. Kawiri konse ndinapitirira siteshoni yanga. Ndikudziwa tsopano zinthu zimene sizidzandithandiza m'moyo uno kapena kumeneko. Ndikudziwa kuti mu 1951 timu ina inalowetsa m'bwalo munthu wamfupi kwambiri kuti woponya asowe poponya, atavala nambala ya 1/8. Chidziwitso chimenechi chakhala pamalo pomwe panali nambala ya pasipoti yanga.

Lolemba lina kumapeto kwa Julayi, iwo ali pansi kuponyerana, anaiwala kope patebulo. Musandiyang'ane choncho, inunso mukanalitsegula. Tsamba lililonse linali ndi mizere iwiri. Kumanzere kunali nambala imene ndinkaidziwa: 220. Kumanja kunali ina: 15,290. Dzulo lake 219 ndi 15,289. Ndinabwerera mpaka tsamba loyamba, nambala yachiwiriyo inalipo kuyambira tsiku loyamba, ikukwera ndi imodzi imodzi. Ndinaganiza kuti ndi rekodi ina imene akuithamangitsa mobisa, ndipo ndinada nkhawa, chifukwa ngati 2,632 ikufuna zaka zisanu ndi chimodzi, iyi ndiye ingafune Metusela. Nthawi yonse ya nkhomaliro kuofesi ndinafufuza pa intaneti kuti ndani anachita chiyani ka 15,290. Palibe.

Kenako ndinachita chimene injiniya amayenera kuyambira. Ndinauza kompyuta kuti ibwerere m'mbuyo masiku 15,290. Inandifikitsa pa Loweruka la mu Seputembala, zaka pafupifupi 42 zapitazo. Tsikulo mukulidziwa kuposa ine. Munavala diresi lobwereka lija munkati linkathina m'khwapa.

Akuwerenga masiku a ukwati wanu, Amayi. Ndipo sanaime tsiku limene munatisiya. Kwa iwo, malinga ngati palibe waimirira pamaso pa abale kunena kuti zatha, tsiku lililonse likulowabe m'kope. Si kampira kamene ankakana kusiya. Ankathawa Loweruka la amalume.

Ndinapita kuchimbudzi cha ofesi n'kudzitsekera. Mnzanga wa ku India atagogoda kufunsa ngati ndili bwino, ndinati ndi fumbi. Mu ofesi ya pansanjika ya 31, yotseka mawindo onse, ndinati ndi fumbi.

Mlungu womwewo ndinapeza chida chimene ndinkafuna. Mkulu wa masewero 2,632 uja sanadwale, sanathyoke, palibe anamuchotsa. Tsiku lina mu 1998, masewero atatsala pang'ono kuyamba, anapita yekha kwa mphunzitsi wa timu n'kumuuza kuti lero sasewera. Anadula yekha. Ndinasunga nkhaniyi mpaka Loweruka m'mawa, ndinawaphikira dzira, ndinawathirira tiyi, n'kuiyala patebulo ngati loya, chaka ndi mwezi womwe. Adadi anapitiriza kusenda dzira. Anati akudziwa, n'kunditchulira tsamba la m'buku. Kenako anati:

"Iyeyo anakhala pansi yekha, Tadala. Sanakhazikidwe pansi ndi alamu ake."

Ndinawauza kuti nambala yachiwiri ndinaiona. Ndinkayembekeza ukali, koma anangoika dzira pambale. Anati chimene anakondera masewerawa n'chakuti alibe wotchi. Mpira wamiyendo umatha nthawi ikakwana, ufune usafune, koma besibolo imatha pokhapokha womaliza akatulutsidwa, ndipo iwo sanamvebe wina akuwatulutsa.

"Ndipo sindikufuna kukamva kwa a Gibisoni," anatero, "munthu amene anafika paukwati wathu mpunga utatha."

Ndinasowa chonena. Lembani tsiku limenelo kumeneko, Amayi, chifukwa imeneyonso ndi rekodi.

Milungu iwiri inadutsa tikungoyang'anana. Amalume ankaimba tsiku lililonse, ine ndikunama kuti tikusaka matikiti. Potsiriza ndinatsika kukagogoda kwa a Rigo, foni m'manja kuti izitimasulira. Ndinawafotokozera za chiliza, za kusudzula, za chigayo, zonse. Foniyo inamasulira chiyani sindikudziwa, chifukwa pa mawu a chigayo mkuluyo anaseka mpaka kugwira chitseko. Anandiuza pamenepo kuti anakwatirapo katatu, choncho pa nkhani ya kutha kwa maukwati ndi katswiri wa ligi yaikulu. Koma nditawaonetsa nambala yachiwiri ija analeka kuseka. Anavala masilipasi n'kukwera nane.

Anatenga buku lawo lija pa tebulo la Adadi, anatsegula pa chithunzi cha khoma la bwalo lina pomwe panapachikidwa manambala akuluakulu, n'kuloza ndi chala. Ndi mwambo wawo. Wosewera wamkulu akachoka, timu imapachika nambala ya malaya ake pakhoma, ndipo palibe amadzaivalanso, ngakhale abwere waluso chotani. Masewera amapitirira, ena amalowa, koma nambala imeneyo yatha. Adadi mwambowu ankaudziwa, ankatha kutchula manambalawo pamtima, koma anali asanauikepo pambali pa inu. A Rigo analoza chithunzicho, analoza chithunzi chanu chili pakhoma chija. Ndipo ndi manja, ndi zala, ndi Chingerezi cha m'kapu chija, anawakumbutsanso kuti theka la masewero 2,632 aja mkuluyo anakasewerera koyenda. Anatenga gulovu yawo imene anaipanira m'khwapa, anaiika m'manja mwanga, anandimenya paphewa ngati wagula mbuzi yabwino, n'kuuza Adadi kuti tiyeni, m'Chiluya cha kuno: "Yalla. Malawi."

Adadi anakhala nthawi yaitali akuyang'ana chithunzi cha khomacho. Za masewero a koyenda anangoti ankadziwa kale. Ndithudi ankadziwa. Munthu ameneyu anandinamiza miyezi iwiri ndi lamulo limene analipanga yekha.

Patatha masiku awiri anavala jekete yakuda ija ya pa Mgonero, anaimirira pakati pa balaza, n'kuimbira amalume okha. Ine ndinali kukhitchini ndikutsuka kapu imodzi kwa mphindi khumi. Anati abwera. Anati mwambo uchitike wonse monga mwa makolo, sachotsapo kanthu, ndipo amalume adzanene mawu awo onse. Koma iwo asanayambe, Adadi adzaimirira okha pamaso pa abale, adzalemba nambala ya tsikulo, n'kutseka kope ndi manja awo. Anapempha kuti mmisiri azokote nambalayo m'munsi mwa chiliza, pansi pa vesi: 15,330. Amalume anafunsa ngati ndi nyimbo ya m'buku liti. Atawafotokozera, ndikuganiza kuti alongo anu nawonso fumbi linawalowa m'maso. Koma poti ndi a Gibisoni, anayesabe kutchula za mayi wa chigayo uja, kuti mwina angobwera kudzathandiza kuphika. Adadi anayankha modekha:

"Kuphika abwere, alamu. Koma muwauze kuti nambala ya achemwali anu yapachikidwa. Palibe adzaivalenso."

Ndiye ndi zimenezo, Amayi. Mwapachikidwa pakhoma. Inu amene simunaonepo besibolo, amene munkati mpira uliwonse ndi njira ya amuna yothawira kutunga madzi, mwalowa m'gulu la akatswiri. Ndikudziwa mukuchita tsinya. Chitani, koma ndikukuonani mukumwetulira chakumbali.

Tinyamuka mawa. Zikwama zatsekedwa. Ndagulira kadzina kanu timadiresi tambiri moti sikelo ya pabwalo la ndege idzandidziwa. Adadi alongedza majekete atatu, kope, kampira, ndi magulovu awiri. Ndaonanso kuti pakhonde fanelo ndi botolo palibe. Azikulunga mu malaya n'kuziika pansi penipeni pa chikwama. Sindinafunse. Mvula kwathu imayamba mu Novembala, ndipo mwina munthu watopa kulemba 0.0. Ngati ndi choncho, Yamikani ayambe kuphunzira kugwira mpira, popeza khasu linamukana.

Tsopano dandaulo langa lenileni. Mlungu wonse uno ndakhala ndikudzutsidwa m'mamawa kutsika poimika magalimoto kukaphunzira. Kampirako n'kolimba ngati mwala, Amayi, palibe anandiuza. Chala changa chapakati chatupa ngati chinangwa. A Rigo amakhala pa mpando wa pulasitiki n'kumandikuwira m'chilankhulo chawo, ndipo sindikufuna foni indimasulire. Amuna anu atsegula mzere wachitatu m'kope, wolembamo kangati ndagwetsa. Dzulo ndinagwetsa ka 14 pa 50. Ndinawakumbutsa za katswiri wolephera kasanu n'kawiri pa khumi uja, anati zimenezo ndi za omenya, osati ogwira. Azakhali amati pa utsikana wanu munali chilombo pa fulayi, kuti mpira sunkakudutsani. Manja amenewo munapita nawo bwanji osandisiyirako? Tsinya munasiyira khanda, pakamwa munasiyira ine, manja mwatenga. Kagawidwe kotani kameneka?

Loweruka m'mawa, tisanapite kumanda, tikaponyerana ka 50 kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango uja. Akakhala masewero a 260. Anthu adzanena kuti a ku Dubai abwera atazungulira mitu, ndipo sindidzawatsutsa. Kenako tidzasamba, tidzavala, tidzabwera kwa inu, ndipo Adadi adzalemba nambala yomaliza kumanja. Mzere wa kumanzere wokha ndiwo udzapitirire.

Ndikulonjezani kuti akamatseka kopelo ndidzakhala nditaima pambali pawo, ndipo pakamwa panga padzakhala potseka ngakhale amalume ayankhule ola lathunthu. Mayi wa chigayo ndidzamupatsa moni ndi manja awiri. Makina osokera okha ndiwo sindikulonjeza ulemu, amenewo ndikawatenga.

Mukamva kaphokoso ka phu, phu, phu kuseri kwa nyumba Loweruka, musadabwe, ndi ife. Mukamva kuti zii, ndiye kuti ndagwetsa. Musavutike kuwauza. Alemba kale.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo amuna anu ndikuwasamala, ngakhale popanda kapepala.

Ine mwana wanu wapakamwa uja,
Tadala